Mkaka Wopanda Khanda

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, ndinasiya kuwapatsa moni ndipo sindikuona kuti ndidzayambanso. Tikakumana pamjigo ndimaika ndowa yanga pamzere n'kumayang'ana mitengo. Azimayi a kumpingo anayesa kundinyengerera, ena mpaka kunditsegulira mavesi. Ndimamvetsera bwinobwino, ndimathokoza, koma moni sindipereka. Ena amati ndikanangobwerera kwathu ku Kabudula kuti mtima uzizire. Ine ndinakhala dala pamudzi pano, nyumba yanga kuyang'anizana ndi yawo, kuti akatsegula chitseko m'mawa azindiona.

Ndili ndi vuto limene adokotala amati ndi la khalidwe. Si misala yovula zovala n'kumatola mapepala pamsika, ngakhale anthu kuno sasiyanitsa. Ndi mtima wosakhala pamodzi. Munthu ndikhoza kumukonda m'mawa mpaka kumupatsa chitenje changa chatsopano, koma masana akandiyankha mozizira ndimaona ngati wandida kalekale, ndiye ndimayamba ndine kumuda. Munthu akachedwa kubwera ndimati wandithawa. Ndikapsa mtima ndimaswa zinthu, kenako ndimalira tsiku lonse ndi manyazi. Ndinakula nalo vutoli anthu akungoti ndine wamwano. Linafika poipa amuna anga atapita ku Joni kukasaka ntchito, kundisiya pachitengwa pano, kufupi ndi Namitete, ndi mwana wathu mmodzi yekha wamkazi. Ndinatsala pang'ono kudzivulaza, ndipo ndi achimwene anga amene anabwera kudzanditenga kupita nane kuchipatala m'tauni.

Adokotala anandiuza mosabisa kuti palibe piritsi lochiritsa khalidwe. Anati mankhwala amangoziziritsa moto kuti munthu apeze mpata woganiza asanachite chinthu, zina zonse n'kuphunzira pang'onopang'ono. Anandipatsa mapiritsi aakulu, ndipo anandiyanja. Ndinalima fodya, ndinalowa kwaya ya amayi, mwana ndinamuyambitsa sukulu. Ndinkapsabe mtima, koma mbale zinkafika chaka osasweka.

Ndiye amuna anga anaimba foni kuti chaka chotsatira abwera kudzakhala miyezi ingapo, ndipo tinagwirizana kuti mwana wathu apeze mng'ono wake. Nditanena izi kuchipatala, adokotala anaika cholembera pansi. Anati mapiritsi amene ndinkamwawo akhoza kuvulaza mwana m'mimba, choncho kunali bwino kusintha nthawi ikadalipo. Anandichepetsera akale aja pang'onopang'ono n'kundiyambitsa ena ang'onoang'ono. Anandichenjeza kuti mwina ndizimva tulo, manja akhoza kumanjenjemera, mwinanso ndinenepa, ndipo ndikaona chachilendo ndidzanene. Mvetsani bwino apa: ndinasintha mankhwala chifukwa chofuna kudzaberekera m'bale wawo wa alamuwo mwana wabwinobwino.

Tulo tinabwera monga ananenera. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo ndinkapezeka ndikusinza m'chigafa tsamba lili m'manja. Njala inandigwira yosadziwa kukhuta, mpaka masiketi anayamba kukana. Chimene sindinachiyembekezere chinali cha miyendo. Mkati mwake munkayabwa, osati pakhungu koma m'mafupa, moti sindinkatha kukhala pansi nthawi yaitali. Ndikakhala ndinkagwedeza mapazi, kenako kudzuka, kuzungulira nyumba, kukhalanso, kudzukanso. Kutchalitchi ndinkasankha benchi ya kumapeto kuti ndizitha kutuluka ulaliki uli mkati.

Kenako mwezi unasiya kubwera. Sindinadandaule, ndipo kunena zoona ndinaona ngati ndapuma. Mwamuna ali ku Joni, ndiope chiyani? Kuchipatala sindinanene. Mzere umakhala wautali, adokotala ndi aamuna, pambali pawo pamakhala ophunzira ntchito akulemba chilichonse chotuluka pakamwa pako. Akafunsa kuti zikuyenda bwanji, ndinkati zikuyenda, kungoti miyendo. Za miyendo anati tione kaye mwezi wina.

Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amati ukathira umadula anthu, amatupa kapena kutsokomola mpaka kufa. Chimodzimodzi mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina, mchere wake amati umadwalitsa ana tsempho. Choncho masiku amenewo ukaphika umaitana kamwana kuti kadzathire. Kutchalitchi amati izi n'zachikale, koma akazi omwewo ovala zoyera akafika pamoto amaitana mwana. Inenso ndinkatero kuyambira tsiku limene ndinalowa pamudzi pano. Ndinkaitana mwana wanga, kumupimira m'kadzanja kake, iye n'kuthira.

Nyengo ya fodya tinkaphikira pamodzi ndi alamu chifukwa zigafa zathu n'zoyandikana. Ine mwezi utaleka, ndinalekanso kuitana mwana. Ndikanamuitaniranji? Ndinkangothira ndekha tsiku ndi tsiku, mutu uli pa fodya. Sindinadziwe kuti pali munthu akuwerenga. Alamu ankakhala pamtondo wogubuduza uko akusadzula nkhwani, maso ali padzanja langa. Anawerenga mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu, akuonanso mmene masaya ndi chiuno zikudzadzira. Hule weniweni akanachenjera, akanaitana mwana mwezi uliwonse kuti aphimbe anthu m'maso. Ine chinandigwetsa n'chakuti ndinalibe chobisa.

Asanandifunse ine, anayamba afunsa mwana. Anamuitanira kuseri n'kumupatsa chitumbuwa. Anamufunsa kuti kodi amake akumamutumabe kuthira mchere, ndipo mwana anayankha zoona kuti ayi, masiku ano akuthira okha. Izi ndinadzazimva pambuyo pake, ndipo mpaka lero ndikaona chitumbuwa mtima umandinyamuka. Anatenga pakamwa pa mwana wanga n'kupasandutsa umboni wondipachikira.

Tsiku lina masana anandiitanitsa kunyumba kwawo. Ndinapeza pamphasa pali amayi akuluakulu awiri, aja amalangiza atsikana. Moni unali wautali mokayikitsa.

"Mlamu, ife takuitanani ngati mwana wathu," anayamba alamu, mawu ofewa ngati akunyengerera mbuzi yoti aiphe. "Kodi mwezi mukuuona?"

"Mukufunsiranji?"

"Tangofunsa. Mchere mukungothira nokha chiyambire kusankha fodya. Thupinso lasintha, eti amayi?"

Amayi aja anagwedeza mitu. Mmodzi anati, "Mwanawe, ukanena wekha nkhani imachepa. Mwini wake ndani?"

Zimene ndinayankha sindingazilembe pano. Ndinatukwana alamu kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi, amayi akuluakulu aja nawo ndinawagawira. Panali mphika wa nyemba pamafuwa, ndinaukankha ndi phazi. Ndinaona alamu akutsinzinira amayi aja, ndipo ndinadziwa kuti ndawapatsa chimene ankafuna. Munthu wodwala ngati ine saloledwa kukwiya. Wina aliyense atanamiziridwa chigololo n'kukalipa, anthu amati wapsa mtima chifukwa n'zabodza. Ine ndikakalipa amati misala yayamba, ndipo wamisala angagone ndi aliyense osadziwa.

Ndinawauza kuti tipite akandiyeze. Tinapita kuchipatala chaching'ono chapafupi, alamu ali patsogolo ngati akuperekeza wakuba. Anesi anayeza mkodzo n'kunena kuti palibe mimba. Pobwerera ndinkaseka njira yonse, ndikuwaimbira nyimbo ya kwaya kumbuyo kwawo. Ndinkayesa kuti nkhani yatha.

Patapita masiku ochepa tinali ndi msonkhano wa amayi kutchalitchi, tonse m'mabulauzi oyera. Ine ndinali kutsogolera kolasi, manja m'mwamba. Ndinamva pachifuwa kuzizira, ndinayesa thukuta. Ndinangoona mzere wakutsogolo wasiya kuwomba m'manja. Nditayang'ana pansi ndinapeza mabanga awiri onyowa pabulauzi, ndipo ankakula ndikuwaona. Unali mkaka. Mwana wanga anasiya kuyamwa kalekale, ali pasukulu, koma ine ndinaima pamaso pa amayi a mpingo wonse ndikuchucha ngati ndasiya khanda kunyumba. Ndinadzifunditsa chitenje n'kutuluka.

Alamu sanachedwe. Dzuwa lisanalowe anali atapeza kale yankho, ndipo analigawa nyumba ndi nyumba. Anati anesi sanapeze mimba chifukwa ndinali nditachotsa kale, ndipo mkaka umabwera mwana akatuluka. Anati iwo anabereka ana ambiri, thupi la mkazi sangaphunzitsidwe ndi munthu. Ena anawonjezera dzina la mwamuna, wogula fodya wina wa ku Nsaru amene ndinangomugulitsako kamodzi. Ena anati anandiona ndikupita kwa mayi wina wa zitsamba. Nanenso sindinkadziwa kumene mkakawo ukuchokera. Ndinkadzimanga nsalu pachifuwa, nsaluyo n'kumanyowa.

M'mawa wina ndinapita kudimba kukathirira. Pobwera ndinapeza pachingwe palibe yunifomu ya mwana. M'nyumba munalibe bulangeti lake, nsapato zake, ngakhale kapu yake. Ndinathamangira kwa alamu. Anaima pakhomo atatsekereza ndi thupi lawo.

"Mwana akhala kuno," anatero. "Sangadye mchere wanu. Mukufuna atupe?"

"Ndi mwana wanga."

"Ndi mwana wa mchimwene wanga. Ndalankhula nawo, avomera."

Ndinaimbira amuna anga pomwepo. Sanandifunse ngati zinali zoona. Anangoti, "Mverani kaye zimene akunena achemwali. Mwana akhale kumeneko mpaka ine nditabwera." Kumbuyo kwawo kunkamveka makina a ntchito, ndipo anati abwana akuwaitana.

Masiku amenewo ndi amene sindidzawakhululukira. Mwana wanga anali tsidya la bwalo lomweli. Ndinkamuona akusamba m'maso, akunyamuka kupita kusukulu tsitsi losapesa, akutsuka mbale za ana a eni. Poyamba ndikamuitana ankayang'ana kwa azakhali akewo kaye, kenako n'kundiyang'ana ine. Patapita masiku anasiya n'kuyang'ana komwe. Akandiona ankathawa. Tsiku lina ndinamudikirira panjira ya kusukulu nditanyamula nthochi. Atandiona anakhotera m'munda wa anthu, kudutsa m'mizere, nsapato zili m'manja. Ndinakhala pansi panjirapo, koma miyendo inakana kuti ndikhale, ndiye ndinkalira ndikuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndinafuna kutentha chigafa cha alamu. Sindikunena mokuluwika. Ndinamanga machesi pamfundo ya chitenje ndipo ndinayenda nawo masiku angapo. Fodya wawo anali atauma bwino, udzu wa padenga unali wouma, ndipo ndinkadziwa mbali imene mphepo imachokera. Chinandiletsa si chisoni. Ndinangowerengera kuti ndikatentha, andimanga kapena anditsekera kuchipatala, ndipo mwana akhala wawo mpaka kalekale, iwo akuuza anthu kuti si paja tinanena. Ndinafuna chinthu choti chiwapweteke iwo okha, ine mwana ndili naye m'manja.

Achimwene anga anamva nkhaniyi ku Kabudula konko, poti nkhani zotere siziyenda pansi. Anabwera panjinga yamoto, fumbi lili tuu kumaso. Iwo ndiwo ankhoswe anga, ndipo ndi munthu wosafulumira. Sanandifunse za mwamuna wa ku Nsaru. Anakhala pakhonde akundiona ndikuzungulira bwalo, kenako anati, "Achemwali, miyendoyi inayamba liti?"

Ndinati nditangosintha mankhwala.

"Nanga kunenepaku?"

Ndinati nthawi yomweyo.

"Nanga zinazo, zimene sindingatchulezi?"

Ndinaima. Zonse zinayamba pamodzi, ndipo ine mwiniwake sindinazilumikize. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mapiritsi aja kuti ndikawataye. Achimwene anandigwira mkono. Anati mankhwala otere sasiyidwa mwadzidzidzi, ndikatero ndidwala zenizeni ndipo ndiwapatsa alamu nkhani yachitatu. Anati amene anawapereka ndi amene anene, ndipo anene pamaso pa amene akundineneza.

Anapita okha kwa alamu kukawapempha kuti atiperekeze m'tauni. Ndinkayesa akana, koma anavomera mokondwa. Iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti adokotala aakulu akaona zimene anesi sanaone. M'mawa mwake anatuluka atavala chitenje cha pa ukwati ndi duku latsopano. Tinakwera minibasi pa Namitete, anthu othithikana, ine pakati pa alamu ndi thumba la mbatata. Miyendo yanga inkagunda pansi njira yonse, ndipo alamu ankasuntha bondo lawo kuti lisakhudzane ndi langa.

Tinalowa tonse atatu. Ophunzira aja analipo ndi zolembera zawo, koma manyazi anali atandithera. Munthu amene wachucha mkaka pamaso pa mpingo saopanso anyamata a makoti oyera. Ndinanena zonse, za mwezi, za mkaka, za mchere, za mwana wanga. Alamu anadula pakati n'kunena kuti iwo akufuna adokotala aone bwino ngati sipanatuluke kanthu. Anesi ananditengera kuseri kwa nsalu, anandiyeza, ananditenganso magazi. Titabwerera adokotala anatembenuza mpando wawo kuyang'ana alamu.

"Mayi, anesi sanapeze chizindikiro chilichonse cha mimba, kapena cha mimba yochoka. Zimene mwaonazi ndi mankhwala amene ndinawapatsa ine. Kwa anthu ena amanamiza thupi kuti likuyamwitsa. Mwezi umaima, mkaka umabwera, thupi limanenepa. Ngakhale abambo ena amene amamwa mankhwala omwewa amatuluka mkaka."

"Abambo?" anafunsa alamu.

"Abambo a ndevu zawo."

Achimwene anatsokomola kuti asaseke. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana nkhope ya alamu, ndipo ndinaiona ikugwa pang'onopang'ono. Ndinkafuna kuti ndisaphonye kalikonse.

Adokotala anandipepesa kuti za mkaka sanandichenjeze, ndipo anandidzudzula pang'ono kuti za mwezi ndikanawauza msanga. Anati miyendonso ndi mankhwala omwewo. Anandichepetsera mlingo n'kunena kuti andisinthira ena mosamala, koma thupi litenga nthawi kuti libwerere. Iwowo ndinawakhululukira pomwepo, chifukwa anapepesa asanapemphedwe.

Pobwerera, titafika pa Mpingu, alamu anang'ung'udza kuti aliyense akanaganiza chimodzimodzi. Achimwene anati nkhani ikambidwa mawa pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, ndipo mwana aperekedwe pomwepo anthu akuona, poti anatengedwanso anthu akuona.

M'mawa mwake, ana atapita kusukulu, tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga. Ankhoswe a kuchimuna anayankhula mozungulira, kuti zolakwika zimachitika, kuti alamu anachita poteteza mwana, kuti banja ndi kupirirana. Kenako alamu anatulutsa nkhuku yomangidwa miyendo n'kuiika patsogolo panga. Kwathu kuno ukalandira nkhuku ndiye kuti nkhani yatha, suitchulanso. Onse anandiyang'ana. Amuna anga anali pafoni, achimwene ataikweza mawu, ndipo anati, "Landirani, amake mwana, zithe."

"Inu dikirani, tsiku lanu likubwera," ndinawayankha. Kenako ndinakankhira nkhuku ija kwa mwini wake ndi chala chakuphazi. "Nkhuku ndili nazo. Alamu anayenda nyumba ndi nyumba kunena kuti ndine hule wotaya mimba. Ayendenso nyumba ndi nyumba kunena kuti ananama. Lero lomwe, ine ndili pambuyo."

"Achemwali, zakwana," ananong'oneza achimwene.

"Sizinakwane."

Ankhoswe aja anayesa kunena kuti alamu ndi munthu wamkulu, sangachititsidwe manyazi chotero. Ndinafunsa ngati manyazi anga anali aang'ono chifukwa ndimamwa mapiritsi. Ndinati akakana, ndipita nawo kubwalo la mpingo, ndipo ndikaitana amayi onse amene anaona bulauzi yanga. Alamu ndi mkulu pakati pa amayi kutchalitchi, ndipo udindo umenewo amaukonda kuposa ana awo. Anadzuka, anamanga chitenje, nkhuku anaisiya pomwepo ikupuma wefuwefu.

Unali mwezi wotentha, nthaka ikuotcha kudzera m'masilipasi. Ndinawapatsa mawu oti azinena, ndipo sindinalole kuti asinthe ngakhale limodzi: "Ndinanama. Alamu anga analibe mimba, sanataye mimba. Ndi mankhwala a kuchipatala." Nyumba yoyamba inali ya mmodzi wa amayi akuluakulu aja. Alamu anaodira, anakhala pansi, anayamba kufunsa za ana ndi za mvula. Ndinati sitinabwere kudzacheza. Ananena mawu aja chapansipansi, akuyang'ana pansi.

"Sanamve," ndinatero.

"Ndamva, mwanawe," anatero mayi uja.

"Ine sindinamve."

Anabwereza.

Tinayenda choncho. Kumene tapeza anthu akupala chimanga, kumene tapeza abambo akukonza njinga, kumene tapeza agogo okha osamva bwino, konse ankanena, ndipo kwa agogowo ndinawauza akweze mawu. Pena ankafuna kudumpha nyumba, amati kuno sindinanene. Ine ndinkati ngati simunanene inu, ananena amene munawauza, lowani. Tinafika pamjigo pali mzere wa ndowa, ndinaimitsa wopopa kuti chitsulo chisasokose. Tinafika kuchigayo, ndinapempha mnyamata wa injini azimitse kaye, ndipo anazimitsa chifukwa nayenso ankafuna kumva. Azimayi oyera ndi ufa anaima chilili kumvetsera mkulu wawo wa kutchalitchi akunena kuti ananama.

Dzuwa litafika pamutu alamu anayamba kutsimphina. Mapazi awo amatupa, ndipo duku linali litanyowa. Anapempha kuti tipumeko pamthunzi. Ndinawauza kuti ine mankhwala sandilola kukhala pansi, anamva okha kwa adokotala. Kwa nthawi yoyamba miyendo ija inandigwirira ntchito. Ndikanatha kuyenda mpaka ku Nambuma n'kubwerako. Ndinasangalala, ndipo sindibisa. Nyumba iliyonse imene tinatulukamo ndinkamva ngati andichotsa mwala pachifuwa n'kuwasenzetsa iwo. Ana anayamba kutitsatira, ndipo sindinawathamangitse.

Tinamaliza mudzi dzuwa litapendeka. Alamu anatembenukira kwawo akukoka mwendo, ine ndili pambuyo. Pakhonde pawo panali mwana wanga, atabwera kusukulu, akadali mu yunifomu, akusenda mtedza m'lichero. Atandiona anaimirira, mtedza unatayika, n'kukabisala kuseri kwa mzati wa khonde. Mzatiwo ndi wochepa, ndinkamuona thupi lonse.

"Kuno ndi kwanga," anatero alamu. "Palibenso womuuza."

"Alipo."

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Anati uyu ndi mwana, sakudziwa kanthu. Ndinati anadziwa mokwanira pamene munkamufunsa za mchere. Achimwene anali atafika, ataima chapatali, ndipo sanandiletse. Alamu anakhala pamphepete pa khonde chifukwa miyendo inali itawathera, n'kunena mawu aja komaliza, akuyang'ana mtedza wotayikawo. Ndinanama. Amako analibe mimba, sanataye mimba. Ndi mankhwala a kuchipatala.

Mwana anamvetsera atagwira mzati ndi manja onse awiri. Ndinagwada n'kutambasula manja, ndikuganiza kuti athamangira kwa ine. Sanasunthe. Sanayang'anenso ine, anayang'ana azakhali ake.

"Ndiye kamwana kaja sanakaponye m'chimbudzi?"

Alamu anaika dzanja pakamwa.

"Munati anakaponya m'chimbudzi cha kwathu," anapitiriza mwanayo, mawu ali pansipansi. "Munati ndikapita kwa amayi andiponyanso. Ine ndinapita kukasuzumira iwo ali kudimba. Ndinakaitana, koma sikanayankhe."

Tsiku lonse ndinkayesa kuti ndikudziwa kukula kwa mlandu wawo, ndipo ndinaupimira chilango chokwana. Pamenepo ndinaona kuti ndinawayendetsa pang'ono. Chisangalalo chonse cha tsikulo chinatha ngati madzi othira pamchenga. Ndinafuna kuwagwira pakhosi, ndipo manja anga anali atanyamuka kale, koma mwana ankandiyang'ana tsopano, akudikira kuona chimene mayi ake amachita ndi manja. Ndinawabweza n'kuwaika pamaondo.

"Kunalibe kamwana," ndinamuuza. "Mwana wanga ndi iwe wekha. Tiye kwathu."

Kenako anasiya mzati, analowa m'nyumba, anatuluka ndi bulangeti lake ndi kapu yake. Ndinawerama kuti ndimubereke ngakhale anali wamkulu, koma anapukusa mutu. Anati ayenda yekha. Tinadutsa bwalo lija, iye patsogolo, ine pambuyo, ndipo panjira yonseyo ankacheuka kuti aone pamene ndafika.